Kuyezedwa maso pakhomo ku Britain: masiku 14 obwezera katundu sateteza wogula magalasi

M'dziko la Britain, nkhalamba kapena wodwala amene sangathe kutuluka yekha m'nyumba sachita kuvutika kupita ku sitolo ya magalasi. Katswiri woyeza maso amam'tsata kwawo, atanyamula zipangizo m'chikwama pamodzi ndi bokosi la mafulemu. Amamuyeza ali pa mpando wake womwe amakhalapo masiku onse. Koma mlendoyo asanatsanzike, kawirikawiri pa tebulo pamaikidwa pepala loti mwini nyumba asaine.

Pa pepala limeneli ndi pomwe pagona nkhani. Anthu ambiri m'dzikomo amadziwa kuti munthu akagula katundu kwa wamalonda wobwera pakhomo, lamulo limam'patsa masiku 14 oti asinthe maganizo ndi kulandiranso ndalama zake. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti lamulo lomwelo linaika pambali katundu wopangidwa motsata muyeso wa munthu mmodzi. Magalasi a reseita ya dotolo wa maso ali m'gulu limenelo.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja a m'maiko ano. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linayamba kupereka ziphaso za ntchito yosamalira okalamba kwa anthu akunja, ndipo ambiri ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi analowa ntchitoyi. Kulemba antchito atsopano ochokera kunja kunaimitsidwa mu Julaye 2025, koma omwe analowa kale akadali m'nyumba za okalamba. Ndiwo amatsegula chitseko woyeza maso akagogoda. Palinso mabanja omwe anakhazikika kumeneko kalekale, ndipo makolo awo tsopano akalamba.

PEPALA LA PA TEBULO

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Agogo ena a zaka 82 amakhala ndi mwana wawo wamkazi mumzinda wa Leeds. Miyendo inaleka kuwalola kuyenda. Tsiku lina woyeza maso wabwera mwanayo ali ku ntchito. Wawayeza bwinobwino, wawauza kuti maso asintha, ndipo wawaonetsa mafulemu. Agogo asankha magalasi awiri, ena owerengera ndi ena oonera wailesi ya kanema. Mtengo wonse wakwana mapaundi 420. Alipira theka ndi khadi la ku banki.

Madzulo mwana wabwera, wapeza pepala pa tebulo.

"Amayi, mwasaina ndinu apa?"

Agogo avomera. Akuti mnyamatayo anali waulemu, anakhala nawo ola lathunthu, ndipo zinali zochititsa manyazi kumubweza chimanjamanja.

M'mawa mwake mwanayo waimbira foni kampani kuti athetse panganolo. Wakumbutsa za masiku 14 aja. Kampani yayankha kuti magalasiwo ndi opangidwira munthu mmodzi, kotero masikuwo sakugwira ntchito.

Kodi wolondola ndani? Pa lamulo lomwe lilipo, nthawi zambiri kampani ndiyo imakhala yolondola. Kuti izi zimveke, nkofunika kuyamba taona m'mene ntchito yoyeza maso pakhomo imayendera, ndi komwe masiku 14 anachokera.

KUYEZA NDI KWAULERE, MAGALASI AYI

Bungwe la zaumoyo la boma la Britain, NHS, lomwe linayamba m'chaka cha 1948, limalipira kuyeza maso kwa magulu ena a anthu. Ku England magulu amenewa ndi monga anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ana osakwana zaka 16, odwala matenda a shuga, odwala nthenda ya maso ya glaucoma, ndi olandira thandizo lina la boma kamba ka kuchepa kwa ndalama. Ku Scotland kuyeza maso kunakhala kwaulere kwa aliyense kuyambira m'chaka cha 2006.

Munthu wa m'magulu amenewa akakhala kuti sangatuluke m'nyumba popanda wom'perekeza, kamba ka matenda a m'thupi, a m'maganizo kapena kulumala, NHS imalipira kuti ayezedwe kwawo. Ntchitoyi sagwira ndi madotolo a m'zipatala za boma. Imagwiridwa ndi makampani ndi masitolo a magalasi omwe ali pa mgwirizano ndi NHS, ena aakulu monga Specsavers ndi OutsideClinic, ena ang'onoang'ono a m'dera.

Ndi ntchito yofunika kwambiri. Nkhalamba yosaona bwino imagwa msanga, imasokoneza mankhwala, imaleka kuwerenga makalata. Woyeza maso amathanso kuona ng'ala kapena glaucoma zisanafike poipa, ndi kutumiza wodwala ku chipatala.

Koma kuyeza kwaulere sikutanthauza magalasi aulere. Kuyambira m'chaka cha 1986, thandizo la boma pa magalasi limabwera ngati vocha, kapepala kochotsera ndalama zina pa mtengo. Vocha salandira aliyense. Munthu wa zaka 60 amayezedwa ulere kamba ka msinkhu wake, koma vocha amalandira pokhapokha ngati ali pa thandizo la osowa monga Pension Credit Guarantee Credit, kapena ngati maso ake akufuna malenzi amphamvu kwambiri. Okalamba ambiri amalipira okha mtengo wonse. Motero amene wabwera ngati wa zaumoyo, pomaliza amakhalanso wamalonda, ndipo nkhalamba siiona pomwe kuyeza kwathera ndi pomwe malonda ayambira.

KOMWE MASIKU 14 ANACHOKERA

Maiko a ku Ulaya anazindikira kale kuti malonda a pakhomo ali ndi vuto lake. Munthu akapita ku sitolo amakhala atakonzeka. Akhoza kufunsa mtengo, kutuluka, ndi kukafunsanso kwina. M'nyumba mwake alibe kothawira, alibe poyerekezera mitengo, ndipo mwambo wolemekeza mlendo umam'manga pakamwa.

Pa chifukwa chimenechi, mu Disembala 1985 bungwe la maiko a ku Ulaya linalamula kuti wogula pakhomo apatsidwe masiku osachepera 7 oti aganizenso. Britain inakhazikitsa lamulo lake m'chaka cha 1987, koma linkateteza makamaka munthu amene wamalonda wam'fikira osaitanidwa.

Pa 1 Okutobala 2008 panayamba lamulo lina lomwe linaphatikizapo maulendo oitanidwa ndi mwini nyumba. Masiku anali 7, pa malonda oposa mapaundi 35. Pa nthawi imeneyo magalasi oitanitsidwa pakhomo ankatha kuthetsedwa m'kati mwa sabata. Kampani ikafuna kuyamba kuwapanga sabatayo isanathe, inkayenera kukhala ndi pempho lolembedwa la wogula, ndipo wogulayo akasintha maganizo pambuyo pake ankalipira zomwe zachitika kale.

Zinthu zinasintha pa 13 Juni 2014, pomwe linayamba kugwira ntchito lamulo lotchedwa Consumer Contracts Regulations 2013, lochokera ku lamulo la ku Ulaya la m'chaka cha 2011. Britain inatuluka m'bungwe la European Union pa 31 Januwale 2020, koma lamuloli inalisunga.

Lamulo latsopanoli linawonjezera masiku kuchoka pa 7 kufika pa 14. Pa katundu, masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira lomwe katundu wafika m'manja mwa wogula, ngakhale kuti munthu akhoza kuthetsa pangano katunduyo asanafike n'komwe. Safunika kupereka chifukwa. Malonda a pakhomo osapitirira mapaundi 42 sali m'gululi. Wamalonda ayenera kupereka pa pepala dzina ndi keyala ya kampani, mtengo wonse, ndi njira yothetsera pangano. Akabisa za ufulu umenewu, nthawi yothetsera imatalika mpaka miyezi 12 ina, ndipo kubisako ndi mlandu.

Poona zimenezi munthu akhoza kunena kuti wogula anapambana. Koma lamulo lomwe linawonjezera masiku ndi lomwenso linachotsa magalasi ambiri pa mndandanda.

CHIFUKWA CHAKE MAGALASI ALI PAMBALI

Gawo 28 la lamuloli limatchula katundu yemwe alibe masiku osinthira maganizo. Muli zinthu zoonongeka msanga monga chakudya, nyuzipepala, ndi katundu wopangidwa motsata zofuna za wogula kapena wooneka kuti ndi wa munthu mmodzi yekha.

Owerenga akhoza kufunsa kuti: nanga fulemu sinatengedwe m'bokosi momwe muli zinzake zofanana? Funsoli ndi lomveka. Malangizo omwe boma linatulutsa pofotokoza lamuloli amanena kuti katundu sakhala wa munthu mmodzi kamba kongoti walumikizidwa ataitanitsidwa. Mpando wa sofa womwe wogula wangosankha mtundu wa nsalu pa mitundu yomwe ilipo kale ukhoza kubwezedwa.

Koma malenzi ndi nkhani ina. Mphamvu ya lenzi imayezedwa ndi muyeso wotchedwa dioptre, womwe umakwera ndi 0.25, ndipo diso la kumanja kawirikawiri limasiyana ndi la kumanzere. Diso losabulungira bwino, vuto lomwe madotolo amati astigmatism, limafuna kuti lenzi ikhale pa ngodya yakeyake, pakati pa madigiri 1 ndi 180. Pamayezedwanso mtunda wa pakati pa mwanadiso wa kumanja ndi wa kumanzere, womwe kwa akuluakulu ambiri umaposa pang'ono mamilimita 60. Pa magalasi oonera patali ndi pafupi pa lenzi imodzi, otchedwa varifocal, amayezanso pomwe diso likugwera fulemu ikakhala pa mphuno. Pomaliza lenzi imadulidwa m'mbali kuti ilowe mu fulemu yomwe yasankhidwa. Ikadulidwa, yadulidwa. Palibe munthu wina amene angaigule.

Nanga ngati wogula waimba foni kampani isanayambe kudula? Funso lofanana ndi ili linafika ku bwalo la milandu la European Union ku Luxembourg. Munthu wina ku Germany anaitanitsa makabati a m'khitchini opangidwa motsata muyeso wa nyumba yake, kwa kampani ya Möbel Kraft, pa chionetsero cha malonda. Kenaka anafuna kuthetsa pangano ntchito isanayambe. Pa 21 Okutobala 2020 bwalolo linagamula kuti ufulu wothetsa palibe, kaya wamalonda wayamba kupanga katunduyo kaya sanayambe. Chigamulochi chinatuluka Britain ikadatsatirabe malamulo a ku Ulaya, nyengo yomwe inatha pa 31 Disembala 2020.

Pali mpanda winanso. Gawo 27 limachotsa pa ufulu umenewu katundu woperekedwa ndi wa zaumoyo kudzera m'dongosolo la NHS, ngati katunduyo nthawi zina amaperekedwa ulere. Izi zikhoza kukhudza magalasi otengedwa ndi vocha.

Komabe lamulo silinam'siye wamalonda kuti achite zofuna zake. Ngati ufulu wothetsa pangano palibe, iye ayenera kuuza wogula zimenezo pa pepala, pangano lisanamangidwe. Mwana wa agogo a ku Leeds aja ayenera kuyamba ndi kutembenuza pepala lija ndi kuwerenga zilembo zing'onozing'ono za kuseri.

ZOMWE ZIKHOZA KUBWEZEDWA

Si zonse za m'chikwama cha woyeza maso zomwe zili za munthu mmodzi. Galasi lokulitsa zilembo, nyali yowerengera, magalasi a dzuwa opanda reseita, kapena fulemu yogulidwa payokha popanda malenzi, zonsezi ndi katundu wamba. Ngati mtengo wake waposa mapaundi 42, masiku 14 akugwira ntchito. Chimodzimodzinso mgwirizano wolipira mwezi ndi mwezi woti kampani izidzakonza magalasi akathyoka, umenewo ndi ntchito, ndipo masiku ake 14 amayamba pangano likangomangidwa.

Pothetsa, munthu safunika mawu a maloya. Kalata yaifupi kapena imelo yonena momveka kuti pangano lathetsedwa ndi yokwanira. Foni nayonso imaloledwa, koma pakabuka mkangano wogula ndiye ayenera kuonetsa umboni, kotero cholembedwa chimaposa cholankhulidwa. Katundu abwezedwe m'kati mwa masiku 14, ndipo kampani ibweze ndalama m'kati mwa masiku 14 italandira katunduyo.

Makampani ena, mwa kufuna kwawo, amapereka masiku osinthira maganizo ngakhale pa magalasi a reseita, kapena amalonjeza kusintha malenzi a varifocal munthu akalephera kuwazolowera. Lonjezo lotere likalembedwa pa pepala la pangano, kampani imamangidwa nalo. Lonjezo la pakamwa nalo limawerengedwa, koma kulitsimikiza nkovuta, makamaka ngati mboni yake ndi nkhalamba yomwe inali yokha.

Ndipo ngakhale pomwe ufulu wothetsa palibe, kuimba foni msanga sikutaya nthawi. Wogula akabwerera m'mbuyo, kampani ili ndi ufulu wofuna zomwe yataya, koma malamulo oletsa mfundo zopondereza m'mapangano salola kuti isunge ndalama zoposa zomwe yatayadi. Malenzi asanadulidwe, chotayika chimakhala chochepa, ndipo kukambirana kumakhala kosavuta.

RESEITA NDI YA MWINI MASO

Chitetezo chachikulu cha nkhalamba sichili m'lamulo la malonda. Chili m'lamulo la oyeza maso, Opticians Act, la m'chaka cha 1989. Gawo 26 la lamulo limeneli limanena zinthu ziwiri zomwe banja lililonse liyenera kudziwa.

Choyamba, woyeza akangomaliza ntchito yake ayenera kupereka kwa woyezedwayo reseita yolembedwa ndi kusainidwa, kapena chikalata chonena kuti magalasi sakufunika. Sayenera kudikira kuti munthu achite kupempha, ndipo sayenera kuisunga mpaka munthu atagula.

Chachiwiri, palibe amene ayenera kuuzidwa kuti ayezedwa pokhapokha atalonjeza kugula magalasi kwa wakutiwakuti. Kuyeza ndi kwina, kugula ndi kwina.

Tanthauzo lake n'lakuti agogo a ku Leeds akanatha kuyezedwa, kulandira reseita yawo, kuthokoza mlendo ndi kum'perekeza ndi mawu abwino, osagula kanthu. Reseita ikanapita ku sitolo ina iliyonse, kapena kwa kampani ina yobwera pakhomo. Vocha ya NHS nayonso si ya kampani yomwe yayeza. Mwini wake akhoza kupita nayo kulikonse komwe amailandira. Reseita siithera tsiku lomwelo. Kawirikawiri imagwira ntchito mpaka zaka ziwiri, kapena nthawi yocheperapo ngati woyeza walemba choncho.

Chinthu chimodzi chofunika kudziwa n'chakuti muyeso wa pakati pa maso suli m'gulu la zomwe lamulo limakakamiza kulemba pa reseita. Umatengedwa ndi amene akupanga magalasi. Kwa munthu wosatuluka m'nyumba, izi zimachititsa kuti kugula kwina kukhale kovutirapo, ndipo mwina pomaliza adzagulabe kwa yemwe anamuyeza. Palibe cholakwika pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti adzagula patapita masiku, mtengo uli pa pepala, achibale ataona, ndipo atafunsa ngati pali mafulemu otsika mtengo kapena ngati fulemu yakale ingaikidwe malenzi atsopano. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAGALASI AKABWERA OLAKWIKA

Kusintha maganizo ndi kulandira katundu wolakwika ndi milandu iwiri yosiyana. Pa mlandu wachiwiriwu, wogula ali ndi mphamvu zonse, ngakhale magalasi akhale opangidwira iye yekha.

Lamulo la Consumer Rights Act, lomwe linayamba pa 1 Okutobala 2015, limati katundu akhale wabwino mokwanira, wogwira ntchito yomwe anagulidwira, ndiponso wofanana ndi m'mene anafotokozedwera. Malenzi osagwirizana ndi reseita, fulemu yomwe yathyoka yokha, kapena utoto wa pa lenzi womwe wayamba kusupuka, zonsezi ndi zolakwika pa lamulo.

M'kati mwa masiku 30 magalasi atafika, wogula akhoza kuwakana ndi kufuna ndalama zake zonse. Masiku 30 akadutsa, kampani imapatsidwa mwayi umodzi wokonza kapena kusintha. Zikakanikabe, wogula akhoza kuwabweza kapena kuwasunga pa mtengo wotsitsidwa. Vuto likaoneka m'miyezi 6 yoyamba ndipo wogula wapempha kukonza kapena kusintha, lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kuyambira pachiyambi, ndipo kampani ndiyo iyenera kutsimikiza kuti sizili choncho.

Lamulo lomweli limatinso ntchito igwiridwe mosamala ndi mwaluso. Ngati miyeso inatengedwa molakwika, wolakwa si nkhalamba. Limatinso katundu afike m'kati mwa masiku 30, pokhapokha ngati anagwirizana nthawi ina.

Apa mabanja asamale ndi mawu akuti maso adzazolowera. N'zoona kuti magalasi atsopano, makamaka a varifocal, amatenga masiku kuti munthu awazolowere. Koma masiku 30 nawo akuyenda. Ngati patatha sabata imodzi kapena ziwiri agogo akuonabe zinthu ziwiriziwiri, akumva mutu, kapena akuphonya masitepe, kampani idziwitsidwe mwa kalata, tsiku lilembedwe, ndipo ipemphedwe kubwera kudzaonanso.

KUKAKAMIZA NDI KUSAINIRA ENA

Malamulo a Britain amaletsa wamalonda kunamiza wogula kapena kum'panikiza. Kukana kuchoka m'nyumba mwini wake atanena kuti chokani ndi mlandu. Kuopseza nkhalamba kuti ichita khungu ikapanda kugula lero, pomwe si zoona, ndi mlandunso. Zoletsa zimenezi zinali m'lamulo la m'chaka cha 2008, ndipo kuyambira mu Epulo 2025 zili m'lamulo latsopano la Digital Markets, Competition and Consumers Act la 2024. Poweruza, amaganiziranso ngati wogulayo ndi wosavuta kupusitsidwa kamba ka ukalamba kapena matenda. Pangano lomangidwa ndi bodza kapena chiopsezo likhoza kumasulidwa, ndipo mawu akuti magalasi ndi a munthu mmodzi sateteza kampani pamenepo.

Palinso nkhani ya okalamba oiwalaiwala. Ku England ndi Wales, lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limayamba ndi kutenga kuti munthu wamkulu aliyense akhoza kudzisankhira yekha, mpaka zitaoneka kuti sangathe. Kukalamba pakokha sikulanda munthu ufulu wogula magalasi omwe wawakonda, ngakhale ana ataona kuti ndi odula. Koma ngati matenda afika poti munthu samvetsa za ndalama, amene angavomereze malonda m'malo mwake kawirikawiri ndi yemwe ali ndi chikalata cha lamulo chomupatsa mphamvu pa chuma cha wodwalayo, kapena woikidwa ndi bwalo la milandu.

Apa ndi pomwe osamalira okalamba ayenera kuchenjera. Wantchito amene amasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba alibe mphamvu yoisainira pangano la malonda. Akasaina pofuna kuthandiza, mawa achibale akadzakwiya ndi mtengo, dzina lomwe lidzapezeke pa pepala ndi lake, ndipo kwa munthu wokhala m'dziko ndi chiphaso cha ntchito mlandu wotere si waung'ono. Chomwe angachite ndi kudziwitsa achibale kapena mkulu wa pa ntchito tsiku la ulendo lisanafike, kusunga reseita mu faelo ya wodwala, ndi kupempha kuti mtengo ulembedwe kuti eni ake adzaone.

KOKADANDAULA

Dandaulo limayambira ku kampani yomwe inagulitsa, mwa kalata. Zikakanika, pali bungwe la Optical Consumer Complaints Service, lomwe limakhala pakati pa wogula ndi wogulitsa magalasi popanda malipiro. Ndalama zoyendetsera bungweli zimachokera ku General Optical Council, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1958 kuti lizisunga kaundula wa oyeza maso. Nkhani ya khalidwe loipa la woyeza, monga kukana kupereka reseita, imapita ku General Optical Council komweko. Kaundula wake ali pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kuona ngati wobwera pakhomoyo ndi wovomerezeka.

Bungwe la Citizens Advice limapereka malangizo aulere, ndipo ku England ndi Wales limatumiza nkhani za chinyengo kwa oyang'anira malonda a Trading Standards. Amene analipira ndi khadi la ngongole katundu woposa mapaundi 100 ali ndi njira inanso: gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limachititsa kuti banki nayo iyankhe ngati wamalonda waphwanya pangano kapena wanama. Njira imeneyi siithandiza munthu amene wangosintha maganizo.

KU PORTUGAL NDI KUNO

Mabanja omwe ali ndi abale ku Portugal adziwe kuti kumeneko zinthu n'zofanana, pakuti gwero la malamulo ndi limodzi. Decreto-Lei 24/2014 inaika masiku 14, ndipo pambuyo pake masikuwo anawonjezedwa kufika 30 pa mapangano omangidwira m'nyumba ya wogula. Koma nakonso katundu wopangidwa motsata muyeso wa munthu mmodzi anaikidwa pambali.

Kuno ku Moçambique, Lei de Defesa do Consumidor ya m'chaka cha 2009, nambala 22/2009, inapatsa wogula masiku 7 ogwira ntchito oti abwerere m'mbuyo pa malonda ochitikira kunja kwa sitolo. Maganizo ake ndi omwe aja a m'chaka cha 1985: munthu wopezedwa pakhomo pake sagula mofanana ndi munthu amene wapita yekha ku msika.

Tsono agogo a ku Leeds atsala ndi chiyani? Mwana wawo awerenge pepala, aone ngati kampani inalemba kuti ufulu wothetsa palibe, ndi ngati inalonjeza masiku ake. Alembe kalata tsiku lomwelo, apemphe kuti magalasi achiwiri aimitsidwe malenzi asanadulidwe. Afunse komwe kuli reseita. Magalasi akafika, awayese msanga, masiku 30 asanathe.

Ulendo wotsatira woyeza maso akadzabwera, pakhale wachibale m'nyumba. Ndipo bokosi la mafulemu likadzatsegulidwa, agogo akhoza kuyesa onse, kudziyang'ana pa kalilole, kusankha omwe awakomera, kenaka n'kupempha kuti mtengo ulembedwe pa pepala ndi kusiyidwa pa tebulo osasainidwa mpaka ana atabwera ku ntchito.